Chithunzi Chimene Chinapha Amalume

Perth, 9 Febuluwale 2025

Achemwali anga a Martha,

Tandiyankheni funso limodzi musanapinde kalatayi n'kuyiponya pansi pa matiresi: kodi ine ndinafa? Ngati ndinafa, mundiuze tsiku lake ndi manda ake kuti ndikadziikire nkhata. Ngati ndili moyo, zatheka bwanji kuti nkhani ya chinkhoswe cha Dyna, mwana wanu, mwana wa mlongo wanga wa bere limodzi, ndiyimve kwa mayi wa ku Chipata pakhomo la tchalitchi kuno ku Australia?

Moni ndaiwala, landirani tsopano. Muli bwanji ku Kawaleko? Ife tili bwino. Alamu anu a Ennie ali bwino. Mwana wathu Tawina wabwerako ku Japan kumene yunivesite inamutumiza, wabwera ndi kamera ndi mwano, koma za iyeyo ndinena tsiku lina.

Musandiuze kuti munalemba pa gulupu ya WhatsApp. Ndinatulukamo ndekha chaka chatha, manambala anu ndinatseka, ndipo sindibwereramo. Munthu amakunyoza m'mawa, masana n'kufufuta, madzulo n'kumati foni inali ndi mwana. Kalata safufuta. N'chifukwa chake ndikulemba ndi cholembera.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8, palibe wofunika kundikumbutsa. Chingerezi ndinaphunzira pa zikwangwani za m'misewu. Folokolifiti imene ndimanyamulira katundu ku Welshpool ndinaiphunzira poyang'ana manja a anzanga. Koma mwambo sindinauwerenge pa chikwangwani, ndinachita kuyamwa. Chimwalirireni amalume athu a Yosefe, mwinimbumba ndine. Ana anu ndi mbumba yanga. Wolandira tambala wa kuchimuna pa chinkhoswe ndi ine, kapena munthu amene ine ndamutuma ndi pakamwa panga. Overstone ndi mng'ono wanga, ndimamukonda, koma mpando umenewo si wake, ngakhale auyang'ane chotani.

Chinkhoswe cha mu Meyi sindikwanitsa, kuntchito tchuthi andipatsa cha Ogasiti. Ukwati wa kutchalitchi muuike mwezi umenewo, ndidzabwera ndi miyendo yanga. Mundiuze mnyamatayo ndi ndani, kwawo n'kuti, amagwira chiyani, amamwa kapena samwa.

Mlongo wanu,
Malizani


Kawale, Lilongwe, 4 Malichi 2025

Achimwene,

Ndathokoza Mulungu kuona dzanja lanu. Ife kuno tili bwino, kupatula mwendo wanga uja ndi magetsi. Perekani moni kwa alamu ndi Tawina.

Imfa musamaitchule chisawawa, achimwene, imamva. Palibe amene anakuiwalani. Tinaimba foni kasanu, imangolira ngati ya munthu wothawa ngongole. Ndiye tikadatani?

Mnyamatayo dzina lake ndi Nathaniel. Amagwira ntchito ku banki, makolo ake amakhala ku Area 47, samwa, kapena tinene kuti sitinamuonepo akumwa. Koma abale ake, achimwene, ndi anthu a magalimoto. Tsiku lodzafunsira mbeta anadzaza msewu wathu wonse, mpaka ogulitsa makala anasowa podutsa. Azakhali ake ena anayang'ana denga lathu nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi kuno muli ndi aliyense kunja?" Ndinati tili nawo amalume ku Australia. Anangoti, "Ooh," ngati munthu amene wamva nthano.

Ndiye ine ndi Overstone tagwirizana chonchi. Pa chinkhoswe tidzaika mpando wanu patsogolo penipeni, pa mpandopo chithunzi chanu chachikulu cha mu felemu, kuti aliyense aone kuti mwinimbumba alipo. Overstone adzangoyankhula m'malo mwanu, ngati wailesi. Mpando ndi wanu.

Koma chithunzicho chikhale chithunzi. Muvale suti ndi tayi. Kumbuyo kuoneke nyumba zitalizitali zija, ndipo ngati pali galimoto yabwino pafupi, muitsamire, mwini wake sangakumenyeni chifukwa cha kutsamira. Musamwetulire kwambiri, mano anu akumanzere aja. Poti Tawina waphunzira kujambula mpaka ku Japan, ndiye kuti Mulungu anakonzeratu.

Ukwati tauika pa 16 Ogasiti monga mwanenera. Ya tenti ndi ya mipando mukaipeza musatiiwale.

Mlongo wanu,
Martha


Perth, 28 Malichi 2025

Achemwali,

Moni nonse. Ya tenti ndatumiza, mufunse Overstone. Nzeru ya mpando ndaivomera, ndipo ndikudabwa kuti yachokera kwa inu awiri.

Koma mwati Mulungu anakonzeratu? Tamverani zimene anakonza.

Tawinayu ndinamutumiza ku yunivesite ku Crawley kuti akaphunzire zomanga milatho. Ku Japan anakakhala mumzinda wotchedwa Osaka. Kumeneko anapezana ndi nkhalamba ina, a Tanabe, yokhala ndi kasitudiyo kumsika, pakati pa wogulitsa nsomba ndi wosoka nsapato. Nkhalamba imeneyi akuti yatha moyo wake wonse ikujambula mabanja a mumsewu mwake, koma siuza munthu kuti ima apa, yang'ana kuno. Imangoyendayenda ndi kamera pamimba ngati ikufuna mbuzi yosochera, kenako thwa! Yajambula. Ndiye mwana wanga watengera matenda amenewo.

Wandionetsa zithunzi zake za ku Osaka. Mayi akukalipira mwana pa njinga. Agogo awiri akulimbirana ambulera. Bambo wa suti ali mtulo m'sitima, kukamwa yasa, chikwama pamiyendo. Zonse zakuda ndi zoyera, ngati za pa chiphaso cha atate athu. Ndinamufunsa kuti, "Kamera yodula chonchi, mitundu inathera kuti?" Iye amandiyankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno, ine ndikumasulirani. Akuti, "Adadi, mitundu imasokoneza maso." Ndinati, "Nanga bambo wogonayu anakulakwira chiyani?" Akuti, "Kumeneko munthu wogona m'sitima samuseka, amadziwa kuti wagwira ntchito."

Loweruka ndinavala suti yanga ya buluu, tinapita ku Kings Park kumene mzinda wonse umaoneka kumbuyo. Dzuwa la kuno silisewera, thukuta linafika mpaka m'masokosi. Ndinapeza galimoto yoyera yaikulu, ndinaitsamira, dzanja limodzi m'thumba, chibwano m'mwamba. Mwana wangoima.

"Jambula!"

"Adadi, mukuoneka ngati chidole cha m'sitolo ya zovala."

"Chidolecho ndi chimene chimakulipirira fizi. Jambula!"

"Pumani kaye, mwafufuma."

A Ennie m'malo mondithandiza angokhala pa udzu n'kumaseka, amvekere, "Ba Malizani, mimba ibwezeni mukati, izaphulika batani." Kenako galimoto ija inayamba kulira yokha, mwini wake akubwera ndi kagalu m'manja. Tinasamukira pa mtengo.

Komabe anajambula, ndipo chatuluka bwino. Ndikuoneka ngati nduna. Ndamulamula kuti achitsukitse chachikulu, aike mu felemu, apatsire a Nchimunya, namwino wa kutchalitchi kwathu, amene akudzera ku Lilongwe mu Meyi popita kwawo. Inu mukachilandire basi.

Overstone mumuuze kuti pa chinkhoswe ayambe ndi mawu akuti, "Ndatumidwa." Akaiwala mawu amenewo, mumutsine.

Malizani


Perth, 10 Meyi 2025

Azakhali,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Amami akundithandiza kulemba chifukwa Chichewa changa chimathawa ndikagwira cholembera.

Chithunzi ndi ichi. Si cha suti. Cha suti chija adadi sakuoneka ngati adadi, akuoneka ngati munthu amene akudikira kuti amubaye jakisoni. Ichi ndinawajambula m'basi masana ena tikuchokera ku Welshpool, ataweruka. Anagona mutu utatsamira windo, manja atapinda pachifuwa, dzuwa likuwawala kumaso. Aphunzitsi anga a ku Osaka ankati banja ulijambule mmene umalidziwira, osati mmene limafunira kuti aneba alidziwe. Adadi amene ndimawadziwa ine ndi amenewa. Ndimawakonda chonchi.

Felemu ndasankha yakuda chifukwa ndi imene imagwirizana ndi chithunzi chakuda ndi choyera.

Adadi sakudziwa. Amami akuti iwo sakulowamo, koma ndi amene akulunga.

Mumuuze Dyna kuti ndamusangalalira kwambiri.

Mwana wanu,
Tawina


Kawale, 20 Meyi 2025

Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Tili bwino tonse, mwendo ukuyesako.

Chinkhoswe chinayenda bwino kwambiri Loweruka lapitali. Anthu anadzaza tenti mpaka ena anakhala pa mpanda wa aneba. Dyna anaoneka bwino ngati wa pa kalendala. Akuchimuna anabweretsa zonse, nkhwangwa, khasu, mpeni ndi tambala wofiira wamkulu ngati nkhukundembo. Ifenso tinapereka lichero, mthiko, chipande ndi thadzi. Pa perekaniperekani anthu anavina mpaka fumbi.

Chithunzi chinafika kutatsala masiku awiri, ndiye panalibe nthawi yoti n'kuchitanso china. Tinachiika pampando monga tinapanganirana. Atsikana okongoletsa tenti anachita ntchito yawo mwa nzeru zawo, ife tinali otanganidwa kukhitchini.

Chimene ndinganene n'chakuti munalemekezedwa, achimwene. Chibadwire changa sindinaonepo munthu akulemekezedwa chotero pa chinkhoswe. Ngakhale azakhali a Nathaniel aja, oyang'ana denga aja, anagwada patsogolo pa mpando wanu.

Zina ndi zina Overstone akulemberani, iye ndi amene amatha kufotokoza. Ngati anthu kumeneko angakuonetseni kanthu pa foni, musafulumire kupsa mtima. Mukudziwa BP ya kwathu.

Mlongo wanu wokukondani,
Martha


Perth, 25 Meyi 2025

Martha,

Moni palibe. Kalata yanu ya za chinkhoswe sindinaione, ngati munalemba n'komwe. Nkhani yandipeza yokha, ndipo yabwera ikuimba.

Dzulo masana ndinali m'nyumba, kabudula ndi vesiti, ndikukolopa pakhonde la kuseri. A Ennie anali kuntchito. Ndinangomva nyimbo panja, nyimbo ya pamaliro, ya mawu anayi, yokonzeka bwino. Ndinati kodi wamwalira ndani mumsewu muno, poti aneba athu ndi Amwenye ndi mzungu mmodzi wosapemphera? Kusuzumira pawindo, magalimoto asanu ndi limodzi. Amayi a kutchalitchi atavala zitenje ndi mipango, ena anyamula mapoto, ena mabulangete ogonera pasiwa. Patsogolo abusa, Baibulo pachifuwa.

Ndinatsegula chitseko, chokolopera chili m'manja.

Nyimbo inaduka pakati ngati magetsi a ku Kawale. Mayi Rejoice, amene amatsogolera kwaya, anaponya poto wa mpunga pansi n'kuthamangira m'galimoto ya eni ake. Wina anakuwa kuti, "Yesu wanga!" Abusa anabwerera m'mbuyo, kenako anakumbukira kuti ndi abusa, n'kuima. Amvekere, "A Malizani... mwadzuka bwanji?" Masana dzuwa lili pamutu!

Ndinati, "Abusa, wafa ndani?"

Mnyamata wina wokhala ku Malaga konkuno ku Perth, wowotcherera zitsulo, anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa chinkhoswe chija. Akuti kanemayu wazungulira magulupu onse a Amalawi, kuyambira ku Joni mpaka kuno.

Ndaona ndi maso angawa, Martha. Mpando wokutidwa ndi nsalu yoyera. Maluwa kuzungulira. Kandulo kumanja, kandulo kumanzere. Pakati ine, mu felemu yakuda, maso otseka, manja pachifuwa. A MC agwira maikolofoni amvekere, "Tisanapitirize, tiyeni tonse tiimirire, tikhale chete mphindi imodzi pokumbukira amalume athu a Malizani, amene anatsikira kulichete kutali ku Australia." Tenti yonse njo! Zipewa m'manja. Inu, mlongo wanga, mukulira mpaka amayi awiri akugwirani m'mapewa. Ndipo Overstone, amene ndinamuuza kuti ayambe ndi "Ndatumidwa," wayamba ndi kupukuta maso, n'kunena kuti, "Katundu amene andisiyira akulu anga ndi wolemera, koma ndisenza." Kenako walandira tambala wanga ndi manja awiri.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa kunena kuti ndili moyo!

Anthu a maliro aja sindikanawabweza ndi njala. Tinadya mpunga wa maliro anga pabalaza, ine ndikuwagawira mbale. Abusa anapemphera pemphero losadziwika mutu wake, loyamba ngati lotonthoza n'kuthera ngati lothokoza.

Tawina ndathana naye. Ndinakalipa mpaka mzungu wosapemphera uja anagogoda kufunsa ngati kuli bwino. Mwanayo analira, akuti, "Adadi, ine ndinajambula munthu wogona. Makandulo si ine." Ndamulanda kamera, ili pamwamba pa wadiropu.

Ndikufuna yankho. Wandipha ndani, ndipo n'chifukwa chiyani simunandiitane pamaliro anga?

Malizani, wamoyo


Mchesi, Lilongwe, 16 Juni 2025

Akulu anga okondedwa,

Choyamba ndi moni wochokera pansi pa mtima. Ine, mayi a kunyumba ndi ana tili bwino mwa chisomo. Ndikhulupirira kuti nanunso muli bwino, monga kalata yanu yaukali ija ikuchitira umboni.

Akulu, nkhaniyi tiyione mwauchikulire. Palibe amene anakonza. Atsikana okongoletsa aja ataona felemu yakuda ndi maso otseka, anaganiza zimene munthu aliyense wolera bwino angaganize, n'kukagula makandulo ndi ndalama zawo. A MC anali obwereka, sakudziwani, anangowerenga mpando. Tsono alendo mazana ataimirira kale, zipewa atavula, inu mukanakhala ine mukanatani? Kukuwa kuti, "Khalani pansi, ali moyo, angogona m'basi"? Pamaso pa anthu a ku Area 47? Akanati banja ili ndi lotani, loika makandulo pa munthu wamoyo? Akanati ndi zizimba. Chinkhoswe chikanathera pomwepo. Ine ndinapulumutsa Dyna.

Ndipo kunena zoona, akulu, imfa yanu yatithandiza. Akuchimuna anatimvera chisoni kwambiri. Anasonkha chipepeso pomwepo m'mbale yapadera, ndipo bambo ake a Nathaniel alonjeza kuti holo ya ukwati alipira okha, poti ndife amasiye. Azakhali aja tsopano amandiimbira foni n'kumanditchula kuti amalume. Anafunsa kuti mtembo unabwera liti, ndinati malamulo a ku Australia ndi ovuta, munaikidwa konko. Anati n'zomvetsa chisoni koma n'zapamwamba.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha mogwada. Pitirizani kaye mmene zililimu mpaka ukwati udutse. Si nthawi yaitali. Inu muli kutali, kufa kwanu sikukupwetekani pena paliponse, kuntchito mukupita, malipiro mukulandira. Ukwati ukatha, mwina Dyna akabereka mwana woyamba, tidzapeza njira yabwino yokudzutsirani pang'onopang'ono.

Ngati tikiti munagula kale ndipo sabweza, bwerani ndithu, koma mudzakhale kumbuyo ndi magalasi akuda. Tidzati ndinu msuweni wa ku Dedza wofanana ndi malemu. Ndevu muyambe kusunga panopa.

Za umwinimbumba musade nkhawa, ndikuusamalira bwino. Tambala uja tinadya, anali wokoma, tinakukumbukirani.

Mwana wanga wamkulu uja akusowa nsapato za sukulu, ngati mungathe. Mutumize m'dzina la alamu, chifukwa dzina lanu pakali pano lingadabwitse anthu.

Mng'ono wanu womvera,
Overstone


Kawale, 18 Juni 2025

Achimwene,

Moni, ngakhale inu munandimana.

Ndamva zimene Overstone wakulemberani. Ine za magalasi akudazo sindikuzivomereza, koma sindinamuletse, chifukwa ndikuopa. Mwana wanga wapeza banja labwino. Anthu aja akamva kuti tinalandira chipepeso cha munthu wamoyo, adzatiyesa akuba kapena afiti, ndipo sindikudziwa chimene chili bwinoko. Dyna sakudya. Akuti akufuna kumuuza Nathaniel, ine ndikumuletsa, iye akuti ndiye alowa bwanji m'banja ndi maliro abodza kumsana. Akufunanso kuti amalume ake enieni adzamuperekeze. Ndili pakati ngati chala cha pachitseko.

Koma mwandinena za kulira. Kulira kuja sikunali kwa chinyengo ayi. Chithunzicho ndinali ndisanachiyang'anitsitse, tinangochimasula n'kupatsira okongoletsa. Nthawi ya chete ija ndi pamene ndinachiona bwino. Achimwene, si inu muli pamenepo, ndi atate. Mukukumbuka mmene ankagonera pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Bwalo la Njobvu, mutu utatsamira khoma, manja pachifuwa, makina osokera ali duu patsogolo pawo, ife tikuwabweretsera chakudya? Mphumi yomweyo. Kamlomo kam'munsi kogwa komweko. Ngakhale kutopa kwake n'komweko. Atate analibe chithunzi china kupatula cha pa chiphaso chija, chimene chinadyedwa ndi chiswe. Ndinangoona atate abwera pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo, n'kuyamba kulira. Anthu ataona ine ndikulira, amene ankakayika anasiya kukayika.

Zaka zonsezi mumatitumizira zithunzi mutatsamira magalimoto. Ndinkati achimwene akudyerera. Sindinkadziwa kuti mumagona m'basi.

Chithunzicho ndachipachika kuchipinda kwanga, makandulo ndachotsa. Chilichonse chimene mungagamule, chimenechi chokha musandilande. Ndipo mwanayo mumubwezere kamera yake.

Martha


Perth, 12 Julaye 2025

Kwa Martha ndi Overstone, muwerengere limodzi, mokweza,

Moni. Ndili moyo, ndadya, ndipo BP ili bwino kuposa nzeru za anthu ena.

Ndiyambe ndi iwe Overstone. Kalata yako ndinaiwerenga pa nthawi yopuma kuntchito, mpaka mnzanga wa ku Samoa anandifunsa ngati ndalumidwa ndi kanthu. Ukuti ndisunge ndevu? Ndikhale msuweni wa ku Dedza pa ukwati wa mbumba yanga? Iwe unabadwa ine ndikuona, ndinakusenza kumsana uli ndi chipere kumutu. Lero ukundipempha kuti ndife pang'ono kuti iwe uzitchedwa amalume pa foni. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nsapato za mwana nditumiza, mwana sanalakwe, ndipo nditumiza m'dzina langa, zilembo zikuluzikulu.

Achemwali, yanu ndinaiwerenga kawiri. Nditamaliza ndinamuuza Tawina kuti andionetse chithunzicho bwinobwino, poti ine ndinangochiona pa kanema, pakati pa makandulo. Anachitsegula pa kompyuta. Ndinachiyang'anitsitsa. Ndinakhalitsa pamenepo, a Ennie mpaka anabwera kudzaona ngati ndakomoka. N'zoona, ndi atate. Ndinakwera pampando n'kutsitsa kamera ija. Sindinapepese, ine sindipepesa kwa mwana, ndinangoti, "Batire lake lisathe." Anamva.

Ndiye chithunzi chilibe mlandu. Nkhalamba ya ku Osaka ilibe mlandu. Kwawoko akaona bambo atatseka maso m'basi amati watopa. Kwathu tikaona wa kunja atatseka maso timathamangira mbale ya chipepeso, chifukwa m'mitu mwathu munthu wa kunja satopa, amangotsamira galimoto kapena kufa. Mbali ina ndinakuphunzitsani ndine ndi masuti anga, koma makandulo sindinagule ine.

Za mantha anu ndamva. Koma Dyna ali ndi nzeru kuposa tonse atatu. Bodza limeneli lili ndi miyendo, kanema anafika ku Australia pa sabata imodzi, mukuganiza kuti mbiri yoti ndinagawa mpunga pamaliro anga idzalephera kufika ku Area 47? Mayi Rejoice ali ndi mng'ono wawo ku Area 18, ndipo pakamwa pawo palibe chitseko. Akuchimuna amve kwa ife, asamve kumsika. Ngati angathetse ukwati chifukwa choti malume wa mkazi wapezeka wamoyo, ndiye kuti si banja loti n'kupatsa mwana.

Tsono mverani chigamulo cha mwinimbumba.

Kalatayi ikangofika, sabata isanathe, Overstone uvale jekete lako lija, utenge Martha, mupite kwa bambo ake a Nathaniel. Ukayambe ndi mawu amene unawaiwala aja: "Ndatumidwa." Ukanene kuti akulu ako ali moyo, kuti unachita mantha ndi manyazi, ndipo ukabweze chipepeso chonse m'mbale yomweyo. Ngati unadya, gulitsa wailesi. Za holo ukawauze kuti si ife amasiye, mbali yathu tilipira.

Pa 16 Ogasiti ndikufuna MC yemweyo, osati wina. Mpando womwewo, patsogolo pomwepo, chithunzi chomwecho, popanda duwa ngakhale limodzi. Anthu akakhala pansi, iye adzanene kuti, "Tiyeni tiimirire." Akaimirira, ine ndidzalowa, ndidzachotsa chithunzicho ndi manja anga, ndidzakupatsani inu achemwali kuti chikhale chanu mpaka kalekale, ndipo ndidzakhala pampando wanga. Mphindi ya chete imene munandipatsa ija mudzandibwezere ya nthungululu.

Tawina akubwera nane, ndi kamera yake pamimba. Sadzauza munthu kuti ima apa, yang'ana kuno. Ndamuuza kuti nthawi imene ndikulowayo asajambule ine. Ajambule nkhope ya azakhali oyang'ana denga aja, ndi yako Overstone.

Ndipo tambala wanga. Unadya tambala wa munthu wamoyo. Ndikamatsika ndege ku Lumbadzi ndimupeze wina, wofiira, wamkulu ngati yemwe uja, uli naye m'manja iweyo pamalo olandirira alendo, anthu onse akuona. Usabwere ndi wophedwa kale. Ndikufuna wamoyo, wolira.

Konzani zimenezi ndisanafike.

Malizani
Mwinimbumba